Chitsulo cha Utawaleza m'Belu la a Eneya

1. Mlendo wa ku Karonga

Tasha Lusubilo anali atakhala ku Domasi miyezi isanu ndi iwiri, koma mnzake woti n'kugawana naye chigumu pa buleki analibe. Anali mtsikana wa Folomu 3, kwawo ku Karonga. Bambo ake anawasamutsira ku Domasi kudzagwira ntchito mu labotale ya pa koleji, mayi ake atangomwalira kumene.

Kusukulu anzake sankamuda ayi, ankangomuseka. Akayankha funso m'kalasi, ena kumbuyo ankabwereza mawu ake mokokomeza kalankhulidwe ka kwawo, kalasi yonse n'kufa nalo phwete. Mwana akasekedwa kawiri katatu amaphunzira kutseka pakamwa, ndipo phunziro limeneli Tasha analigwira msanga kuposa masamu.

Kunyumba nako kunali zii. A Lusubilo anali munthu wabwino, koma chimwalirire akazi awo mawu anawathera. Ankadya awiriwiri, phokoso lili la masipuni okha. Tasha anali wosungulumwa, ndipo zinkamupweteka.

Malo amodzi okha ndi amene ankapitako mtima uli m'malo. Kumtunda kwa Mishoni, m'mudzi wina wa m'mbali mwa phiri, kunali nkhalamba ina dzina lake a Isaki Eneya. Ntchito yawo inali yosungunula zitsulo zakale n'kuumba mapoto amene amagulitsidwa pa msika wa Songani. Tasha anawadziwa tsiku lina bambo ake atamutuma kukakonzetsa chigwiriro cha poto. A Eneya sanamuseke. Akanayamba bwanji, pomwe Chichewa chawo chomwe chinali chosakanikirana ndi Chilomwe cha makolo awo?

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse Tasha ankapita kukawazungulizira gudumu la njinga limene linkapemerera moto wa m'ng'anjo. Sankayankhulana zambiri, koma kumeneko chete wake sankalemera.

2. Nyumba iliyonse kachidutswa kake

M'mudzimo munali katchalitchi ka njerwa. Belu kanalibe. Nthawi ya mapemphero ikakwana ankamenya limu ya tayala la lole imene inapachikidwa mu mtengo wa mango, ndipo kulira kwake kunkangofanana ndi kwa kusukulu yapulayimale. Ana ena ankachita kudzidzimuka Lamulungu n'kuyamba kufunafuna yunifolomu.

Ndiye mpingo unagwirizana zoti a Eneya aumbe belu lenileni la mkuwa. Nkhalambayo inali italakalaka ntchito imeneyi moyo wake wonse. Anagwirizananso kuti mkuwawo usagulidwe, koma nyumba iliyonse ibweretse kachidutswa kake, kuti belulo likhale la onse.

Anasonkha chaka chathunthu. Wina anabweretsa mpopi wakale, wina loko yopanda kiyi, wina mawaya a injini ya chigayo imene inapsa. Amayi achikulire anavula makoza amene anavala kuyambira pa utsikana wawo. Aliyense poponya chake mudengu la a Eneya ankatchula dzina la nyumba yake, ena ankatchulanso abale awo amene anatsogola.

“Likamadzalira, ine ndidzamvamo mpopi wa malemu amuna anga,” anatero mayi Jenifer, mtsogoleri wa amayi a pa mpingowo, akuseka.

Tasha ankaonerera zonsezi ali pagudumu paja. Mayi Jenifer anamuona akuyang'anitsitsa dengulo, ndipo anamusisita paphewa.

“Iwe usadandaule, mwana wanga. Ndiwe mlendo, izi sizikukukhudza.”

Ananena mwachifundo ndithu. Koma mawu amenewa anamulasa Tasha kuposa kuseka konse kwa kusukulu.

Chikhalirecho iye anali nacho chake choti akanapereka. M'sutikesi mwake, pansi pa zovala, munali chitsulo china chachikulu ngati dzira la nkhuku, cholemera modabwitsa. Dzina lake ndi bizimasi. Mayi ake anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo ku Karonga ankachisungunula m'kachitini pa mbaula wamba, poti sichifuna moto wambiri. Chikamazizira chinkapanga timasitepe ting'onoting'ono tonyezimira mitundu yonse ya utawaleza. Awiriwo ankagunditsana mitu poyang'ana, akapsa zala n'kumaseka. Pa zinthu zonse za mayi ake, Tasha anatsala ndi chimenechi.

3. Chenjezo la a Eneya

Loweruka loumba belu, Tasha anafika m'mamawa, chitsulo chija chili m'thumba la siketi. Ankafuna kuwapempha a Eneya kuti achilandire.

Anawapeza atakhuthulira dengu pamphasa. Ankatola kachidutswa kalikonse, n'kukapala ndi tupa, n'kukayandikiza ku maginito. Pambali pawo panaima a Harry, mkulu wa mpingo, manja kumbuyo ngati woyang'anira mayeso. Kachidutswa kena kataoneka koyera mkati, a Eneya anakaponyera kutali.

“Aa, a Eneya, kameneko n'ka kwa a Masiye,” anadandaula a Harry. “Akamva adzakhumudwa. Kakang'ono ngati kameneko kangalakwe chiyani?”

A Eneya anaika tupa pansi. Anayang'ana a Harry, kenako Tasha.

“Mvetserani nonse awiri. Mkuwa ndi chitsulo chofatsa, koma sulandira chilichonse. Bambo anga atabwera kuchokera ku Mozambiki anandiphunzitsa ntchito iyi ndi lamulo limodzi: chimene sukuchidziwa, usaponye mumphika. Moto sufunsa kuti wabweretsa ndani, kapena wabweretsa ndi mtima wotani. Munthu akhoza kupereka ndi chikondi chonse, chinthucho n'kukhala choononga. Ndipo choipa chake n'chakuti mumphika simuoneka kanthu. Zonse zimasungunuka bwinobwino, zonse zimawala mofanana. Umadzadziwa mochedwa, ntchito itatha, anthu atasonkhana. Poto akalakwika ndimaswa n'kuumbanso. Koma mkuwa uwu ndi wa chaka chathunthu, makoza a anthu ali momwemu, wina sitidzaupezanso. Tithira kamodzi kokha. Ndiye chilichonse cholowa mumphika umu chidzere m'manja mwanga. Chikakhala choyera ndi chofewa, ngakhale chikongole bwanji, ayi. Wamva, mdzukulu?”

“Ndamva, agogo,” anayankha Tasha.

Dzanja lake linali kale m'thumba. Analitulutsa lopanda kanthu.

4. Mphika uli pamoto

Dzuwa litafika pamutu, mkuwa unali utasungunuka. Mumphika munkawala moti munthu sakanayang'anamo nthawi yaitali. Tasha ankazunguliza gudumu, thukuta lili kamukamu.

“Usaleke kupemerera,” anatero a Eneya. “Tikaone chikombole.”

Chikombole cha mchenga, mothiramo mkuwawo, chinali kuseri kwa shedi. A Eneya ndi a Harry anapita komweko, Tasha n'kutsala yekha ndi ng'anjo.

Anatulutsa bizimasi uja. Padzuwa timasitepe take tinawala, tobiriwira, tofiirira, tagolide. Anakumbukira kachitini ka ku Karonga. Anasungunuliramo kambirimbiri, koma kachitiniko sikanabooke, sikanasinthe n'komwe. Ngati bizimasiyo sanaononge kachitini kopyapyala, akanautani mkuwa wodzaza mphika?

Anasuntha chivindikiro ndi chopanira.

“Nyumba ya a Lusubilo,” ananong'ona. “Ndi amayi anga, Anita.”

Anaponya. Chitsulocho chinangoti nyomi, osasiya ngakhale chizindikiro. Anabwezera chivindikiro n'kugwiranso gudumu.

A Eneya atabwera anasuzumira mumphika, n'kuyengula zoyandama pamwamba, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anathira mkuwawo m'chikombole mosadukiza, a Harry akupemphera chamumtima. Zonse zinayenda bwino.

Tsiku limenelo Tasha anatsika phiri akuyimba. Aka kanali koyamba chibwerere ku Domasi kumva kuti nayenso ali ndi pake. Akanadziwa, nyimboyo akanaisunga.

5. Funso la patebulo

Lachitatu madzulo akudya, Tasha anafunsa funso limene linkamukanda mumtima.

“Adadi, kodi bizimasi akasakanikirana ndi zitsulo zina chimachitika n'chiyani?”

A Lusubilo anadzutsa mutu. Panali patapita nthawi mwana wawo asanawafunse kanthu, ndipo nkhope yawo inawala. Anakankhira mbale pambali.

“Zimatengera chitsulo chake. Ndi chitsulo ichi chosulira makasu ndi zitini, bizimasi sagwirizana nacho m'pang'ono pomwe. Ngakhale uzisungunule zonse ziwiri, zimakhala ngati madzi ndi mafuta, china pansi china pamwamba. N'chifukwa chake mayi ako ankasungunulira m'kachitini popanda vuto. Pali china chotchedwa titaniyamu, chija madokotala amalumikizira mafupa othyoka. Chimenecho bizimasi amagwirana nacho zolimba, n'kupanga chinthu chatsopano, chouma koma chosachedwa kusweka.”

“Nanga mkuwa?”

“Mkuwa ndiye woopsa, chifukwa umanamiza. Pamoto ziwirizi zimasakanikirana bwinobwino, munthu n'kumati zatheka. Koma mkuwa umayamba kuuma kutentha kukadali pamwamba pa madigiri 1,000, pomwe bizimasi amakhalabe wamadzimadzi mpaka kutentha kutatsika kufika pa 271. Ndiye mkuwa ukamauma umapanga timibulu ting'onoting'ono, n'kumamukankhira bizimasi kunja. Iye amakatsalira m'mipata ya pakati pa timibuluto, wopyapyala kwambiri, n'kumatilekanitsa. Zili ngati khoma la njerwa zabwino lomangidwa ndi mchenga wokhawokha. Kuliona ndi maso, khoma ndithu. Koma tangoligunda.”

Tasha anasiya kudya.

“Ngakhale atakhala wochepa?”

“Wonga nyemba imodzi akhoza kuononga mkuwa wodzaza mphika. Ndipo akalowa, kumuchotsa si ntchito ya ng'anjo ya kumudzi, ngakhale usungunule kakhumi. Uzikumbukira zimenezi, Tasha. Chinthu chikakhala bwino ndi ichi, usafulumire kunena kuti chikhalanso bwino ndi icho. Ukufunsiranji kodi? Zabwera pa mayeso?”

“Eya, adadi.”

Linali bodza.

Loweruka anakwera phiri atatsimikiza mtima kuti akaulula. Anapeza a Eneya atakhala pamphasa, belu lili pamiyendo, akulipukuta ndi phulusa. Linali lalikulu ngati ndowa yaing'ono, lonyezimira, lokongola zedi.

“Bwera udzaone, mdzukulu! Sindinaliyese, mpingo wati liwu loyamba timvere limodzi mawa. Zaka zonsezi anthu amanditcha wa mapoto. Mawa adziwa kuti Eneya ndi mmisiri.”

Nkhalambayo inkaseka ngati kamwana, mano awiri otsala aja ali poyera. Tasha sanaulule. Anaopa kutaya munthu yekhayo amene ankamuyembekezera Loweruka. Anatenga kansanza n'kuyamba kuthandiza kupukuta.

6. Liwu loyamba

Lamulungu anthu anadzaza bwalo la katchalitchi kaja. Limu ya lole inali itatsitsidwa, belu litapachikidwa pamtanda wa bulugama. Amayi anavala zoyera, kwaya inayimba. Tasha anaima kumbuyo kwenikweni, yekha.

A Harry anapemphera pemphero lalitali, kenako anapereka chingwe kwa a Eneya.

“Kokani mwamphamvu, akulu,” anatero. “Mayi Lizzie ali pakhonde pawo kutsidya kwa mtsinje. Paja miyendo inawakana, maso nawo anazima. Anapereka makoza awo onse asanu ndi limodzi, ndipo atuma mawu kuti akhala akutchera khutu.”

A Eneya anakoka.

Belu linalira, koma liwu lake linali lalifupi, losamveka patali. Anthu anayang'anana. Anakokanso kachiwiri, mwamphamvu. Kachitatu kunamveka kuti thee! Mng'alu unayenda kuchokera kumlomo mpaka pamwamba, ndipo chibenthu chachikulu ngati chikhatho chinagwa pansi n'kusweka pawiri.

Kenako manong'onong'o anayamba, ndipo sanachedwe kusanduka mawu.

“Ndinanena ine. Wa mapoto ndi wa mapoto.”

“Akalamba, manja anatha.”

“Kapena mkuwa wabwinowo anagulitsa pa Songani, ife n'kutiikira zinyalala!”

Mayi Jenifer anakhala pansi n'kufunda chitenje kumaso. A Eneya anawerama movutikira n'kutola chibenthu chimodzi. Anachitembenuza padzuwa. Poswekapo panali timibulu totuwa, tonyezimira ngati shuga. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anakweza maso, ndipo anadutsa nkhope zonse mpaka anamupeza Tasha kumbuyo kuja. Anamuyang'ana pang'ono chabe, n'kubweza maso pansi.

“Abale anga,” anatero ndi mawu otsika, “ntchito inali m'manja mwanga. Ndalephera ndine. Mundikhululukire.”

“Kukhululuka tikhululuka,” anayankha a Harry mowuma, “koma za mkuwa wogulitsidwazi ziyenera kufufuzidwa. Akuluakulu a mpingo tikhala pansi.”

Nkhalamba ija inavula chipewa n'kuima chowerama pakati pa anthu amene inawaumbira mapoto zaka makumi anayi. Njira yotsikira ku Mishoni inali kumbuyo kwa Tasha, yopanda munthu. Akanachoka, palibe akanazindikira, poti mlendo sawerengedwa.

“Si agogo ayi!”

Mawuwo anatuluka mokweza, m'kalankhulidwe kake ka ku Karonga komwe kaja. Palibe anaseka. Anthu anapatuka, iye n'kudutsa pakati pawo.

“Ndine. Agogo sanagulitse kanthu. Anandichenjeza, koma atapita kukaona chikombole ndinaponyamo chitsulo changa. Chinali cha malemu amayi anga. Ndimafuna kuti nafenso tikhalemo.”

Misozi inayamba kutsika. Mayi Jenifer anachotsa chitenje kumaso n'kumuyang'ana, kukamwa kuli yasa.

“Ndiye a Eneya, sungunulaninso,” anatero a Harry. “Muchotsemo chakecho.”

“Sichichoka,” anatero Tasha akulira. “Adadi anandiuza Lachitatu. Mkuwa wonsewo waonongeka.”

“Lachitatu?” anafunsa a Eneya.

Mawu amodzi okhawo, koma Tasha akanakonda akanamumenya.

“Unadziwa Lachitatu, dzulo n'kumapukuta nane?”

“Eya, agogo.”

Nkhalambayo inapuma mozama. Inatenga thumba limene inanyamuliramo belu, n'kuikamo zibenthu ziwiri zija, n'kumanga kukamwa.

“Kuponya kuja unaponya ngati mwana, ndipo mtima wako ndaumva. Koma kukhala chete kuja unakhala ukudziwa. Lero wayankhula, wandichotsa manyazi a umbava, zikomo. Komabe usaganize kuti zathera pano. Anthu awa amva okha ndi makutu awo. Alipo ena amene sanathe kubwera, odwala ndi okalamba, amene anapereka zawo ndipo mpaka pano akudikira. Amenewo sakamva kwa a Harry, sakamva kwa ine. Unafuna kuwerengedwa ngati nyumba ya m'mudzi muno. Chabwino. Wa m'mudzi muno akalakwira anthu amapita yekha pakhomo, n'kugwada, n'kunena. Nyamula.”

Tasha analandira thumbalo.

“Tiyambira kwa mayi Lizzie,” anatero a Eneya, akuvala chipewa. “Tsogola. Ine ndili pambuyo pako, koma pakamwa panga sipatseguka.”

Anatsetsereka awiriwo, anthu akuwayang'ana. Anawoloka mtsinje podumpha miyala, n'kukwera kamtunda ka chinangwa. Pakhonde la kanyumba kofolera udzu panakhala mayi wokalamba, atavala zoyera za Lamulungu, mikono ili yopanda kanthu, mutu ataupendeketsa cha kumene kunali tchalitchi. Atamva mapazi anamwetulira.

“Ndani ameneyo? Mwachokera kutchalitchi? Tandiuzani, ana anga, mwachedwa nalo bwanji? Ine chikhalire pano kuyambira m'mawa sindinalimve.”

Tasha anacheuka. A Eneya anali ataima patali, pansi pa mtengo wa papaya, manja atapinda. Iye anatula thumba lija, n'kugwada pa dothi.

“Agogo,” anayamba, “dzina langa ndine Tasha, wa kwa a Lusubilo.”